Scrub ikuti zonse zili bwino, koma mafayilo ena sakugwirizana ndi hash yake pa btrfs ya compression

mlonda_wa_seva:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa ofesi ina ku Area 3 pali seva yosungira mafayilo: madisiki awiri a 4 TB pa btrfs (dongosolo la Linux losungira mafayilo pa disiki) ya RAID1 (deta iliyonse ili ndi makope awiri), compress=zstd yofinya deta, RAM 16 GB yopanda ECC (njira yodzikonzera zolakwika za RAM). Kernel ya Linux ndi 4.19 yomwe idaikidwa mu Januwale 2019 ndipo sinasinthidwepo chifukwa makinawo sali pa intaneti. Lamlungu lililonse usiku duperemove (chida chophatikiza zigawo za deta zofanana) imayenda, kenako kaskripti kamayendetsa `fallocate --dig-holes` pa mafayilo akuluakulu a ma image a disiki kuti malo a maziro asamadye disiki.

Vuto nali. Mafayilo 6 sakugwirizana ndi hash ya sha256sum (chidindo cha zam'kati mwa fayilo) imene idalembedwa tsiku lomwe adalowa. Kukula kwake sikunasinthe, tsiku lake silinasinthe. `btrfs scrub start -B`, scrub yoyeza deta ya pa madisiki, ikumaliza popanda cholakwika ngakhale chimodzi, `btrfs device stats` ndi maziro okhaokha, mu dmesg mulibe csum failed, SMART (lipoti la thanzi la disiki) nayo ndi yoyera pa madisiki onse awiri. Ndiyambire pati? Kodi `btrfs check --repair` kapena defragment zingathandize?

Kanengo_sysadmin:

Achimwene, musayendetse check --repair, musachite defragment, ndipo lero lomwe imitsani duperemove, kaskripti ka fallocate ndi bakapu imene imalemba pamwamba pa makope akale. Chilichonse chimene chimawerenga fayilo n'kuilembanso chingathe kukhomera chilemacho pa disiki mpaka kalekale. Check --repair imakhudza mitengo ya metadata, ndipo palibe chimene mwanena chosonyeza kuti metadata yadwala.

Kuti scrub ikhale chete si zodabwitsa mukadziwa chimene imayeza. Polemba, btrfs imatenga deta ku page cache (masamba a deta osungidwa mu RAM), kuifinya m'zigawo zosapitirira 128 KiB, kenako n'kuwerengera checksum ya crc32c (nambala yoyezera deta) pa mabayiti ofinyidwa kalewo, pa 4 KiB iliyonse, n'kuwatumiza ku disiki. Scrub imawerenga mabayiti omwewo n'kuyerekeza ndi checksum. Simasula compression, ndiponso siyang'ana ngati fayilo ikuloza pa chigawo choyenera cha extent (chidutswa cha deta pa disiki). Choncho imangokutsimikizirani kuti disiki yabweza zimene idapatsidwa. Zimene zidawonongeka checksum isanawerengedwe, ndi zimene zikuwonongeka checksum itayezedwa kale pa nthawi yowerenga, zonsezo scrub sizionako. Mipata iwiri imeneyi ndi imene muyenera kufufuza.

Choyamba onani ndi `lsattr` ngati mafayilowo alibe chilembo C. Fayilo ya C, kapena kuti nodatacow, ilibe checksum n'komwe, ilibenso compression, ndipo scrub ilibe choyerekeza nacho. Anthu ambiri amaika C pa foda ya ma VM n'kuiwala.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse, pezani kope labwino la fayilo imodzi yokha muone maonekedwe a bala. Hash imangokuuzani kuti pali kusiyana, koma `cmp -l labwino loipa` imakuuzani malo ake ndi mtundu wake. Kumbukirani kuti cmp imayamba kuwerenga pa 1 osati pa 0, ndipo mabayiti imawalemba mu octal. Chotsani 1 pa nambala yoyamba, mugawe ndi 4096, mugawenso ndi 131072.

Mukapeza bayiti imodzi yokha yasiyana, ndipo XOR ya mabayiti awiriwo ikupereka bit imodzi, ganizirani RAM, ndipo bit imeneyo idatembenuka deta isanafinyidwe. Mukapeza zinyalala zoyambira pakati penipeni mpaka kumapeto kwa chigawo cha 128 KiB, ndiye kuti bala lidalowa mu deta yofinyidwa kale checksum isanawerengedwe. Apa ndi pamene compression imakulitsa ngozi: bit imodzi imasokoneza zonse zotsatira m'chigawocho, ndipo nthawi zina kumasulako kumalephera n'kubweza cholakwika cha EIO, nthawi zina kumangotulutsa zinyalala mwakachetechete. Musadalire checksum ya mkati mwa zlib (mtundu wina wa compression), chifukwa btrfs imalumpha kuyeza adler32 ikamamasula. Mukapeza maziro oyambira ndendende pa malire a 4096 n'kutheranso pa malire a 4096, RAM yowonongeka sichita zoyera chotero. Imeneyo ndi ntchito ya pulogalamu, mwina kernel, mwina chida chokopera.

Chachitatu, werengani fayilo yoipayo kangapo mukutaya cache pakati:

`sync; echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches; sha256sum fayilo`

Mukapanda kutaya cache mumangowerenga masamba omwewo a mu RAM ndipo hash ibwera imodzimodzi ngakhale kakhumi. Ngati hash ikusintha pakati pa kuwerenga kwina ndi kwina, pali chiyembekezo chachikulu choti deta ya pa disiki ili bwinobwino.

mmisiri_wa_Biwi:

Ndikugwirizana ndi a Kanengo pa kusakhudza kanthu, koma ine ndikadayamba ndi chitsulo. Seva yopanda ECC imene yakhala ikuyaka zaka zonsezi kuno ku Lilongwe yadya fumbi la mu Ogasiti ndi kutentha kwa mu Okutobala kambirimbiri, ndipo RAM yofooka imayamba kulakwitsa ikatentha. Ikani memtest86+, pulogalamu yoyezera RAM, pa flash, muisiye usiku wonse idutse maulendo osachepera 4, bokosi lili lotseka monga limakhalira masiku onse. Mukaliyeza lotsegula kukuzizira m'mawa mungaphonye vuto limene limabwera masana. Ikapeza cholakwika, yezani DIMM imodziimodzi mu slot imodzi yomweyo, kuti musiyanitse RAM yoipa ndi slot yoipa. Dziwaninso kuti memtest ikadutsa bwino usiku umodzi sizitanthauza kuti RAM yapulumuka, kungoti mwayi woti ndiyo yachepa.

Chizindikiro china cha RAM: m'mafayilo osiyanasiyana, bit yomweyo ikutembenuka pa malo omwewo mkati mwa tsamba, kutanthauza kuti chotsala mukagawa ndi 4096 chikufanana. Ndi selo imodzi yodwala imene masamba osiyanasiyana akudutsapo.

Pa SMART musangoyang'ana mawu oti PASSED. Onani 5, 197 ndi 198 za ma sector odwala, 199 ya zolakwika za CRC pa chingwe cha SATA, ndi 192 yosonyeza kangati disiki idazima mwadzidzidzi. Nambala ya 199 ikamakwera, sinthani chingwe musanaimbe mlandu disiki. Komabe ndinene chilungamo, zolakwika za disiki ndi chingwe pa btrfs kawirikawiri zimabwera ndi phokoso. Disiki yonama kuti yalemba magetsi n'kuthima imabweretsa parent transid verify failed kapena csum failed, ndipo generation_errs kapena corruption_errs zimakwera. Mukadzaona csum failed yokhala ndi 0x8941f998, imeneyo ndi crc32c ya 4 KiB ya maziro okhaokha, ndiye kuti disiki yabweza tsamba lopanda kanthu. Inu mulibe zonsezi, choncho disiki ndimaiika kumapeto kwa mndandanda, RAM pamwamba.

Ndipo kope labwino limene mukuyerekeza nalolo lichokere pa chinthu chodalirika. Ngati lili pa flash yogula pamsika, iyezeni kaye ndi f3probe, chifukwa ma flash onama kukula amabweza maziro kapena deta ya fayilo ina akadzaza kupyola kukula kwake kwenikweni, ndipo mungathe kutaya sabata yonse mukusaka vuto pa seva yosalakwa.

mlonda_wa_seva:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Zonse zolemba ndaziimitsa. Chilembo C palibe. Memtest86+ yadutsa maulendo 5 popanda cholakwika. Makope abwino a mafayilo awiri apezeka pa laputopu imene adachokera, ndipo hash yake ikugwirizana ndi mndandanda wakale.

Zotsatira za cmp: kusiyana konse ndi maziro kumbali ya seva. Pa fayilo yoyamba maziro akuyambira pa bayiti 52432896 kufika pa 52559872, kutalika 126976. Malo ena ndi aafupi koma onse akugawika ndi 4096 ndipo palibe opitirira 128 KiB. Pa mafayilo 4 hash ikusintha ndikataya cache n'kuwerenga mwanjira ina. Pa awiri otsalawo hash ndi yolakwika koma sikusintha. `filefrag -v` ikusonyeza encoded ndi shared pa malo ovutawo m'fayilo yoyambayo.

Kanengo_sysadmin:

Manambala amenewa akulankhula okha. 52432896 ndi 400 kuchulukitsa 131072, kuonjezapo 4096. Kutanthauza kuti pa chiyambi cha chigawo pali bowo la 4 KiB, kenako 124 KiB yotsalayo ikubwera maziro mpaka pa malire otsatira. Maonekedwe amenewa akufanana kwambiri ndi vuto lodziwika la btrfs lowerenga ma extent ofinyidwa amene fayilo imodzi ikuwaloza kangapo motsatizana.

Mbiri yake mwachidule: mu 2015 Filipe Manana adakonza vuto la kuwerenga molakwika ma extent ofinyidwa ogawana, koma padatsala mpata umodzi. Zygo Blaxell, amene adalemba chida chonga duperemove chotchedwa bees, adatumiza njira yobwerezera vutolo ndipo adasonyeza kuti likadalipo pa kernel 4.20.7. Filipe Manana adalikonza kumayambiriro kwa 2019 ndi commit 8e928218780e, imene idalowa mu 5.1 n'kubwezedwanso ku ma kernel a stable. Kernel yanu ya mu Januwale 2019 idamangidwa kukonzako kusanabwere.

Mmene limachitikira ndi motere. Duperemove ikapeza zigawo ziwiri zofanana zoyandikana m'fayilo imodzi, imazilozetsa pa extent imodzi yofinyidwa. Fallocate ikaboola bowo pa chiyambi cha chigawo, cholozeracho chimayamba kuloza mkati mwa extent, pa offset yosakhala 0. Powerenga, readahead imasonkhanitsa masamba ambiri nthawi imodzi, ndipo kernel ikaona kuti masamba otsatirawa akuchokera pa malo omwewo a disiki imawaphatikiza mu pempho limodzi ndi oyamba aja. Extent imawerengedwa, checksum imagwirizana, kumasula kumachitika kamodzi n'kudzaza masamba a cholozera choyamba, ndipo masamba a cholozera chachiwiri amangodzazidwa maziro. Palibe cholakwika chimene chimalembedwa paliponse chifukwa kwa kernel zonse zayenda bwino. N'chifukwa chake hash imasintha malinga ndi tsamba limene layamba kuwerengedwa.

Mungatsimikize m'mphindi ziwiri. 52432896 kugawa ndi 4096 ndi 12801. Tayani cache, kenako werengani tsamba limenelo lokha:

`dd if=fayilo bs=4096 skip=12801 count=1 | xxd | head`

Ngati deta yeniyeni yatuluka pamene cmp idaona maziro, ndiye kuti pa disiki pali bwino, vuto lili m'njira yowerengera. Mukafuna kuona ndi maso, tengani nambala ya inode ndi `ls -i`, nambala ya subvolume ndi `btrfs inspect-internal rootid`, kenako `btrfs inspect-internal dump-tree -t` ndi nambalayo. Pa mizere ya EXTENT_DATA ya inode imeneyo muona ziwiri zoyandikana zokhala ndi disk byte yofanana, offset 4096, ram 131072, ndi extent compression 3, imene ndi zstd. Zotulukazo zimakhala zambiri zedi pa 4 TB, choncho zitumizeni ku disiki ina ndipo musakemo ndi grep.

Kulibwereza pa makina oyesera n'kosavuta, ndipo ndi bwino kutero kuti mudziwe ngati kernel yatsopano yachiritsadi. Pangani fayilo ya 1 GB, muiike mkfs.btrfs, muilumikize ndi loop ndi compress. Lembani fayilo ya zigawo zitatu za 128 KiB, chilichonse choyamba ndi 4 KiB ya maziro n'kutsatira 124 KiB ya 0xff. Chitani sync, lembani hash. Ndi xfs_io chitani reflink (kulozetsa pa extent yomweyo) ya chigawo choyamba pa 128K ndi pa 256K, kenako fpunch (kuboola bowo) ya 4K pa 0, pa 128K ndi pa 256K. Zam'kati mwa fayilo sizinasinthe ngakhale bayiti imodzi, choncho mukataya cache hash iyenera kufanana. Pa kernel yodwala sifanana.

Tsopano mafayilo awiri amene hash yake sikusinthawo ndi amene akundidetsa nkhawa. `fallocate --dig-holes` imawerenga fayilo kudzera mu page cache momwemo, ndipo pamene yaona maziro imaboola. Ikadzayendanso Lamlungu lotsatira n'kupatsidwa maziro abodza ndi kernel, imaboola bowo lenileni pamalo pamene padali deta. Apo chilemacho chakhala chenicheni ndipo kernel yatsopano sichichotsa. Onani filefrag pa malo amenewo: ngati palibenso extent, ndiye zachitikadi. Defragment ikadachita chimodzimodzi pa mafayilo onse 6, chifukwa nayo imawerenga masamba n'kuwalembanso ndi checksum yatsopano yooneka yoyera.

Ndondomeko yake ikhale iyi. Yatsani makinawo ndi live USB ya kernel yatsopano, mulumikize ndi `-o ro`, muyendetse `sha256sum -c` pa mndandanda wonse. Amene agwirizana tsopano anali ovutika powerenga pokha. Amene akulakwikabe atengeni ku laputopu ija, kapena mu snapshot yakale ya tsiku limene fallocate inali isanawaboole, koma muwawerenge ndi kernel yatsopanoyo. Mukatha apo sinthani kernel ya seva, yesani kubwereza vuto ndi fayilo ya loop ija, ndipo pokhapokha ikadutsa m'pamene mungabwezeretse duperemove.

Ngati zitapezeka kuti kernel yatsopano ikulakwitsabe, ndiye kuti ndi vuto lina ndipo ntchito ndi yochepetsa skripti yobwerezera mpaka itatsala mizere yochepa, kuiyendetsa mu qemu, n'kugwiritsa git bisect kusaka commit imene idabweretsa vutolo. Pakati pa ma kernel awiri otsatizana pamakhala ma commit oposa 10,000, koma chifukwa bisect imadula pakati nthawi iliyonse, maulendo pafupifupi 14 amakwana. Skripti ikhale yotaya cache nthawi zonse, apo ayi bisect ikusokeretsani. Otukula btrfs pa gulu lawo la imelo la linux-btrfs amafuna skripti imeneyo, `uname -r`, njira zolumikizira ndi mizere ya dump-tree.

chemwali_zfs:

A Kanengo afotokoza bwino, ine ndingoonjezapo za bakapu chifukwa ndi kumene kwabisala chiwonongeko chachikulu. Kope lililonse limene lidatengedwa kudzera mu kernel yakaleyo likhoza kukhala ndi maziro abodzawo, ndipo ku disiki ya bakapu adalembedwa ngati deta yeniyeni. Rsync payokha sidzawakonza, chifukwa imayerekeza kukula ndi nthawi yosinthira basi, ndipo zonsezo zikufanana. Mukasintha kernel yendetsani `rsync -anc --itemize-changes` kaye, kuti ikupatseni mndandanda wa mafayilo osiyana popanda kulemba kanthu. Musachotse chilembo n musanaone mbali imene ili ndi kope labwino pa fayilo iliyonse. Pa mafayilo awiri obooledwa aja n'kutheka kuti bakapu yakale ndiyo yolondola, ndipo mukathamanga mulemba choipa pamwamba pa chabwino.

Mafayilo amene sali pa mndandanda wa hash ayezeni ndi checksum yawo yamkati. Docx, xlsx ndi zip zimayezeka ndi `unzip -t`, gz ndi `gzip -t`. Pa ma image a disiki gwiritsani `qemu-img compare` ndi kope lina. `Qemu-img check` imangoona kamangidwe ka image, siona ngati deta ya mkati ili yolondola. Pa JPEG, PDF ndi mavidiyo, kaskripti kosaka masamba athunthu a 4096 a maziro okhaokha kamakupatsani oyenera kuwaganizira, popeza deta yofinyidwa kale sikhala ndi maziro ataliatali chotero kawirikawiri. Yang'ananinso mafayilo amene wina adawatsegula n'kuwasunganso m'nyengo imeneyi, chifukwa pulogalamuyo idawerenga maziro n'kuwalemba ngati ake.

Ena akuuzani kuti samukirani ku ZFS, dongosolo lina longa btrfs. Ndimaikonda ZFS, koma vuto la mtundu uwu ilinso nalo. Mu Novembala 2023 padapezeka kuti fayilo ikangolembedwa kumene, deta isanafike pa disiki, lseek ya SEEK_DATA ndi SEEK_HOLE inkatha kunena kuti pali bowo pamene pali deta. Cp ya coreutils 9 imafunsa mafunso amenewa kuti ilumphe mabowo, choncho inkapanga kope lokhala ndi zigawo za maziro. Poyamba anthu adaganizira block cloning imene idabwera ndi OpenZFS 2.2.0, koma zidapezeka kuti cholakwikacho chinali chakale ndipo chidangoonekera poyera. Chidakonzedwa mu 2.2.2 ndi 2.1.14. Scrub ya zpool inkanenanso kuti zonse zili bwino, popeza cp idalembadi zimenezo ndipo checksum inali yolondola. Ndipo pa ZFS compression ikayatsidwa, block ya maziro okhaokha imasanduka bowo, moti ngakhale du siikuchenjezani chifukwa fayilo yofinyidwa imaoneka yaing'ono kale.

Chimene chakupulumutsani inu ndi mndandanda wa sha256sum uja, ndiye ukonzeni bwino. Hash iziwerengedwa pa kompyuta imene fayilo yachokera isanatumizidwe, chifukwa yowerengedwa pa seva ikhoza kukhala hash ya deta yowonongeka kale. Mndandandawo ukhale ndi kope kunja kwa seva. Kamodzi pa mwezi, scrub ikatha, tayani cache muyendetse `sha256sum -c --quiet`, ndipo zotsatira zipite kwa munthu amene amaziwerengadi. Pa mafayilo osasintha onjezani par2 (deta yoonjezera yokonzera fayilo) ya 5 kapena 10 peresenti: bowo la 124 KiB m'fayilo ya ma gigabayiti imalitseka popanda kufuna kope lina.

Za RAM, a mmisiri sanalakwe. Maonekedwe a balali akuichotsa pa mlandu uno, koma mukamadzagula seva ina ikhale ya ECC, muikemo rasdaemon kuti zolakwika zokonzedwa zizilembedwa, ndipo UPS ilumikizidwe ndi NUT kuti makina azizima okha batire isanathe. Kaskripti ka fallocate kaja ndikadakachotseratu. Maziro ofinyidwa ndi zstd amadya 4 KiB yokha pa chigawo chathunthu cha 128 KiB, choncho malo amene kakupulumutsa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ngozi yolola chida kuboola mafayilo Lamlungu lililonse popanda woyeza zotsatira.

mlonda_wa_seva:

Dd pa tsamba 12801 yatulutsa deta yeniyeni. Pa live USB mafayilo 4 agwirizana ndi hash yake. Awiri aja filefrag ikusonyezadi mabowo enieni. Kope labwino la imodzi lili pa laputopu, la inayo lapezeka mu snapshot ya mwezi wathawu ndipo hash yake yagwirizana. Rsync ya -anc yatulutsa mafayilo 11 osiyana ku disiki ya bakapu, 5 mwa iwo sadali pa mndandanda wanga woyamba. Achemwali, pa 5 amenewa palibe hash yakale. Ndidziwa bwanji mbali yolondola?

chemwali_zfs:

Yendetsani `cmp -l` pa awiriawiriwo muli pa kernel yatsopano, muone mbali imene ili ndi maziro. Pa mzere uliwonse, nambala yachiwiri ndi ya fayilo yoyamba, yachitatu ndi ya fayilo yachiwiri. Ngati maziro onse ali ku bakapu, kope la pa seva ndi labwino ndipo mungalilembe ku bakapu. Ngati ali ku seva ndipo filefrag ikusonyeza bowo pamenepo, fallocate idaboola, tengani la ku bakapu. Zikapezeka kuti mbali zonse zili ndi maziro koma pa malo osiyana, pangani kope lachitatu pa disiki ina, mudzaze malo obookawo kuchokera ku mbali inayo ndi dd ya `bs=4096`, skip ndi seek zofanana, ndi `conv=notrunc` kuti fayilo isadulidwe. Pamene mbali zonse zili ndi maziro pa malo amodzimodzi cmp siona kanthu, choncho mukamaliza yendetsaninso kaskripti kosaka masamba a maziro pa kope lachitatulo, ndipo muyerekeze ndi snapshot yakale kwambiri imene muli nayo musanafufute kope lililonse mwa awiri oyambawo.